Pamsika aliyense ndi kochi wa Flames

Tsiku la msika likamatha, amayi atayamba kulongedza tomato ndi usipa wotsala, pali malo ena pomwe phokoso limakhala likungoyamba kumene. Kaya ndi pa Mponela, pa Lunzu, pa Lizulu kapena pa Jenda, mukafika pometetsa tsitsi, pachiwaya cha tchipisi kapena pasiteji ya akabaza, mupeza bwalo la milandu litakhala. Palibe mfumu, palibe nduna, koma wozengedwa alipo, ndipo chaka ndi chaka amakhala mmodzimodzi yemweyo: mphunzitsi wa Flames.

Mlandu wake ndi woti sadziwa kusankha osewera. Ati wasiya mnyamata amene akumwetsa zigoli sabata ndi sabata mu Super League kuno kumudzi, n'kukaitana wina amene akungotenthetsa benchi ku Joni. Ena amatsutsa kwamtuwagalu, ati wakunja ndi wakunja basi, ngakhale asamasewere amaposa wakumudzi. Apa mawu amakwera, wometa amayamba waimitsa makina, ndipo wometedwa, mutu uli theka, naye amatembenuka kuti aponyepo lake.

Mawu amene amazunguza pamikangano yonseyi ndi akuti fomu. Aliyense amawatchula, koma mukafunsa tanthauzo lake mupeza mayankho osiyana. Kwa ena fomu ndi zigoli zimene munthu wagoletsa mwezi uno. Kwa ena ndi mphamvu za m'thupi, kuti akuthamanga mphindi 90 osapumira m'mwamba. Enanso amati fomu ndi mtima, kuti mnyamata akaona khwimbi la anthu ndi osewera amene amangowaonera pa kanema, miyendo yake siyinjenjemera.

Palibe nkhani imene idayesa maganizo onsewa kuposa ya Gabadinho Mhango pa mpikisano wa Africa Cup of Nations umene udachitikira ku Cameroon mu Januwale 2022.

Gaba adachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic ya ku South Africa. Adapata chikho cha ligi ya kumeneko ndi Bidvest Wits mu 2017, ndipo mu ligi ya 2019/20, ali ku Orlando Pirates, adamwetsa zigoli 16 n'kufanana ndi Peter Shalulile wa ku Namibia pa mpando wa womwetsa zigoli zambiri. Koma pofika kumapeto kwa 2021 zinthu zidali zitatembenuka. Ku Pirates ankangokhalira pa benchi, masiku ena osapezeka n'komwe pa mndandanda wa osewera a tsikulo. Amene amakhulupirira kuti fomu ndi zigoli za mwezi uno adali ndi mfundo yomveka: munthu amene sakusewera ku timu yake angathandize bwanji dziko?

Masewero oyamba a Flames, pa 10 Januwale ku Bafoussam, Gaba sadasewere. Matenda a Covid-19 adali atalowa m'kampu, ndipo ngakhale mphunzitsi Mario Marinica wa ku Romania adapatulidwa, timu n'kutsala m'manja mwa Meck Mwase. Flames idagonja 1-0 ndi Guinea itaphonya mipata ingapo. Patangopita masiku anayi Gaba adalowa m'bwalo kukumana ndi Zimbabwe. Ishmael Wadi adayamba kumwetsa cha Zimbabwe, koma Gaba adabweza chigawo choyamba chisanathe n'kuwonjezera chachiwiri atabwerako kopumulira. Flames idapambana 2-1.

Kenako kudabwera usiku wa pa 25 Januwale ku Yaoundé, mu ndime ya matimu 16 imene Malawi idali isadafikepo chiyambire. Mu mphindi ya 7 yokha, Gaba adadzutsa mutu ali kutali, chapafupi ndi pakati pa bwalo, adaona goloboyi wa Morocco Yassine Bounou atasuntha pagolo, n'kumasula chikwapu chimene chidadutsa pamwamba pake mpaka mu ukonde. Amene adaonera m'mavidiyo sho usiku umenewo akukumbukira mabenchi akugwa ndi anthu osadziwana akukumbatirana.

Mungaganize kuti mkangano udathera pompo. Ayi ndithu. Okonda akunja adati taonani, dzina ndi dzina, mkango ngakhale ugone ndi njala susanduka mphaka. Koma otsutsa nawo adapeza mboni yawo mu mpikisano womwewo, ndipo mboniyo idaima pagolo. Charles Thomu, mnyamata wa Silver Strikers amene ankasewera konkuno kumudzi, sadayambe mpikisanowo ali goloboyi woyamba. Atapatsidwa mpata pokumana ndi Senegal ya Sadio Mané pa 18 Januwale, adatseka golo masewero n'kuthera 0-0. Senegal yomweyo ndiyo idakatenga chikho chaka chimenecho. Pokumana ndi Morocco, pakadapanda manja a Thomu, zigoli zikadachuluka.

Choncho mpikisano umodzi udapatsa mbali zonse ziwiri chonena. Wina akatchula Gaba, mnzake amatchula Thomu, ndipo tchipisi imazizira m'mbale.

Ine pamenepa ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zimaphonya chinthu chimodzi. Chigoli cha mu Super League ndi chigoli ndithu, koma wotchinga kumbuyo amene mnyamata wathu amamudutsa Loweruka pa bwalo la mabampu si Kalidou Koulibaly. Amene akukhala pa benchi ku Pirates amakhalabe akuchita zokonzekera tsiku ndi tsiku ndi osewera apamwamba, pa udzu wabwino, akudya ndi kupimidwa mwandondomeko. Izi sitiziona pa kanema. Komanso kukhala kunja pakokha si mankhwala. Alipo amene amapita kunja n'kukazilala, pobwera thupi litalemera, akudalira mbiri ya zaka zitatu zapitazo. Mphunzitsi amene amasankha poyang'ana pasipoti amalakwa chimodzimodzi ndi sapota amene amasankha poyang'ana zigoli za pa wailesi. Kusiyana kwake n'kwakuti mphunzitsi amawaona anyamatawa m'kampu m'mawa ndi madzulo, amadziwa amene bondo likumuvuta ndi amene wagona mochedwa, pomwe ife timangoona mphindi 90, mwinanso magetsi n'kuzima pakati.

Izi sizikutanthauza kuti mphunzitsi salakwa. Ndipo pa nkhani ya kaseweredwe, masapota apamsika nthawi zina amafunsa mafunso amene atolankhani amaiwala kufunsa.

Tengani masewero a Morocco omwe aja. Titagoletsa mu mphindi ya 7, padatsala mphindi zoposa 80, ndipo pafupifupi zonsezo Flames idazithera kumbuyo ikutchinga. Youssef En-Nesyri adabweza ndi mutu chigawo choyamba chili pafupi kutha, kenako Achraf Hakimi adamwetsa cha firikiki chapatali mu mphindi ya 70. Tidagonja 2-1. Mpaka lero alipo amene amati tidadzipha tokha pobwerera m'mbuyo msanga, ati ukamenya njoka kumutu sudikira kuti idzuke. Amafunsa chifukwa chimene mpira uliwonse umene tidalanda tinkangouponya kutsogolo kuti Gaba athamangire yekha, m'malo moupatsirana pansi kuti anyamata apumeko.

Funsolo ndi lomveka. Timu imene siyisunga mpira imatopa msanga chifukwa imangothamangitsa mthunzi, ndipo munthu wotopa ndiye amachita faulo pamalo oipa ngati paja Hakimi adaikapo mpira. Koma ena amayankha kuti kubwerera m'mbuyo sikudali kufuna, tidachita kukankhidwa. Amakumbutsa kuti Morocco yomweyo, chaka chomwecho cha 2022, idakafika mu semifainolo ya World Cup ku Qatar itachotsa Spain ndi Portugal. Kutsegula masewero ndi timu yotero kukadakhala kuitana mvula ya zigoli. Pamenepa ine ndili kumbali ya achiwiriwa, ngakhale ndimavomereza kuti kutchinga kwabwino kumafunika munthu mmodzi pakati woti akalandira mpira auponde kaye, anzake akokeko mpweya.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene bwalo lonse limagwirizana: penate ija ya pa masewero a Senegal, imene oimbira adaloza kenako n'kuikana atakaonera pa VAR. Imeneyo musaitchule ngati mukufulumira.

Mkangano ukafika apa, madala amene akhala chete pa bawo amayamba kutsokomola. Iwo muyeso wawo ndi wina. Amakumbukira Kinnah Phiri ali wosewera, munthu amene adamwetsa zigoli 71 mu timu ya dziko, ndi chikho cha East and Central Africa chimene Malawi idatenga mu 1978 ndi 1979, n'kudzatenganso mu 1988. Amakumbukira ulendo woyamba wa ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast mu 1984. Achinyamata akamati madala, mpira wa kale udali wosathamanga, iwo amangoseka, ati inu ana mudaonera mpira pa foni, ife tidaumvera pa wailesi ya mabatire koma tinkadziwa nambala ya aliyense.

Chimene mibadwo iwiriyi imakumana ndi nthawi ya Kinnah ali mphunzitsi. Mu Juni 2008 pa Kamuzu Stadium, Flames idagonjetsa Egypt, akatswiri a Africa panthawiyo, 1-0. Adamwetsa chigolicho masewero ali kumapeto penipeni ndi Chiukepo Msowoya, amene adachokera pa benchi. Mpaka pano nkhaniyi imagwira ntchito mbali zonse: wina amati ukuona, kochi adadziwa nthawi yomulowetsera, wina amati akadamuyambitsa tikadagoletsa zitatu.

Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, Flames idaswa Algeria 3-0, timu imene idali itadzigulira kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda ndiwo adamwetsa. Tsiku limenelo Kinnah adali mfumu m'misika yonse. Patangopita sabata imodzi, titagonja kale 2-0 ndi Angola, tidakumana ndi Mali ku Cabinda. Momwe zidathera mu gulu lathu, kufanana mphamvu kokha kukadatipititsa mu ndime ya matimu asanu ndi atatu. Koma mphindi zitatu zoyambirira zisanathe bwino, Frédéric Kanouté ndi Seydou Keita adali atamwetsa kale ziwiri, ndipo tidagonja 3-1. Anyamata ambiri adali omwe aja, mphunzitsi yemwe uja. Amene adamutcha katswiri Lolemba lina adamutcha mbuli Lolemba linalo. Ngati fomu ndi chinthu chimene chimatha m'masiku asanu ndi awiri, ndiye kuti tikuyeza ndi muyeso wolakwika.

Pali china chimene sichinenedwa poyera koma aliyense amachidziwa. Mikangano yambiri ya Flames ndi mikangano ya Maule ndi Manoma itavala malaya ena. Wa Bullets akawerenga mndandanda amayamba wawerenga kuti ofiira ndi angati. Wa Wanderers amachitanso chimodzimodzi ndi abuluu, ndipo wa Silver ku Lilongwe amati onsewo ndi a ku Blantyre okhaokha, ife a pakati atiiwala. Kumpoto nako amafunsa kuti kodi anyamata a Moyale, Karonga United kapena Chitipa United maso a kochi safikako? Funso lotsirizali ndi lolemera kuposa enawo, chifukwa mnyamata amene amasewera kutali ndi kumene aphunzitsi ndi atolankhani amakhala amayenera kuchita kawiri kuti aoneke kamodzi. Koma kwa ambiri, wosewera wa timu yawo akaphonya amati mpira udadumpha, wa timu ina akaphonya amati ndi wachabechabe.

Kale mkangano unkathera pa chiwaya, wogonja n'kugula Fanta. Masiku ano walowa m'thumba. Kubetcha kwa pa foni kwachititsa kuti mnyamata amene amadzitama kuti amadziwa fomu ya wosewera aliyense, kuyambira ku Chiwembe mpaka ku Liverpool, aikepo ndalama kutsimikiza nzeru zakezo. Amayi ambiri m'matauni athu ang'onoang'ono akudziwa nkhope ya bambo amene wabwera usiku osalankhula, ndalama ya ndiwo itapita ndi chigoli cha mphindi yomaliza. Akafunsidwa kuti bambo a Junior, ya ufa ija ili kuti, yankho limakhala loti kochi adasintha molakwika. Mpira umene udapangitsa Malawi kuswa Algeria n'kukagwa ndi Mali sabata yotsatira si malo osungirako ndalama ya sukulufizi.

Ndipo wosewera amene tikumutukwanayo naye ali ndi kwawo. Ndi mwana wa mayi wina amene mawa adzakhala pamsika pomwepo akugulitsa mandasi, akumva dzina la mwana wake likutafunidwa ndi anthu amene sadathamangepo ngakhale mphindi khumi.

Nanga Gaba zidamuthera bwanji? Atabwerako ku Cameroon ndi zigoli zitatu, dziko lonse likuimba dzina lake, ku Pirates adakapezanso benchi yake ikumudikira. Pakati pa chaka chomwecho cha 2022 adachokako kupita ku AmaZulu. Nkhaniyi itafika pometetsa tsitsi, okonda akunja adati aphunzitsi a ku Pirates ndi ansanje. Otsutsa adati ayi achimwene, iwo aja amamuona tsiku ndi tsiku, akudziwa zimene inu simukudziwa. Awa ndi anthu omwe aja amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankati kochi wa Flames, amenenso amawaona anyamata tsiku ndi tsiku, sadziwa kanthu.

Wometa adayatsanso makina ake, n'kuuza wometedwa kuti aweramitse mutu.