Zigamba Zasanduka Chofunda ku Nkhotakota

Alendo ambiri amaganiza kuti ife a kunyanja sitidziŵa chisanu. Amabwera m'mwezi wa October, natuluka thukuta usiku wonse, ndipo pobwerera kwawo amakasimba kuti ku Nkhotakota munthu sasoŵa chofunda. Tikadakonda alendo otere akadadzagona kwathu mu June kapena July, pamene mphepo ya mwera iomba masiku angapo osaleka, asodzi atakokera mabwato awo kumtunda chifukwa cha mafunde. M'bandakucha wa masiku amenewo mwana wogona pamkeka amadzipinda ngati bongololo, ndipo mayi wake amadzuka kukamfunditsa chitenje chomwe iye mwini adafunda.

Kumapeto kwa February 2024 mitsinje ya m'boma lathu, makamaka Dwangwa, idasefukira nigwetsa nyumba zambiri. Chaka chomwecho nyanja nayonso idakwera kwambiri mpaka kuloŵa m'makomo ena a m'mphepete mwake. Mabanja ambiri adapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Mwera utayamba, tidaona kuti bulangeti la m'sitolo, ngakhale la pa kaunjika, silinali chinthu choti banja lotaya zonse n'kugulira mwana aliyense. Tsono ife amayi asanu ndi atatu, amene timakomana Lachitatu madzulo pansi pa mtengo wa mango, tidayamba kuyang'ana mulu wa zidutswa za nsalu umene atelala a pakhonde amasesa ndi kutentha akaŵeruka. Tidapita kwa mmodzi wa iwo. "Bambo, zinyalala zanuzi bwanji muzitisungira m'thumba?" Iwo adaseka nati, "Tengani amayi, mwandipeputsira ntchito."

Tiyenera kuvomereza poyera kuti panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adasokapo chofunda cha zigamba. Kusoka diresi la mwana ndi kuika chigamba pa kabudula tinkadziŵa. Tinkayesa kuti zimenezo n'zokwanira.

CHOFUNDA CHOYAMBA

Tidalumikiza zidutswazo monga momwe zidabwerera: chachikulu ndi chaching'ono, chokhuthala ndi chopyapyala, cha thonje ndi cha nayiloni. Pakati tidayalapo thonje la m'munda limene mnzathu wina adapempha kwa abale ake ku Salima, titalichotsa njere mofulumira. Patapita milungu isanu ndi umodzi tidachiyala pamkeka kuti tichisirire, koma chidakana kugona pansi. Pakati chidatukumuka ngati lichero lovundikira, ndipo mbali ina idatalika kuposa inzake ndi chikhatho chathunthu.

Manyazi enieni adatigwira tsiku lochapa. Chitenje chofiira chidasulukira m'zidutswa zoyera. Thonje lidathaŵa m'malo mwake nilisonkhana m'ngodya ngati zibuluma za kondowole wosavundula bwino. Njere zimene zidatsalira zidatulutsa madontho oderako, ndipo chofunda chonsecho chidatenga masiku anayi kuti chiume, chikununkha nkhungu.

Pamudzi pathu pali agogo ena amene adaphunzira zosoka ku sukulu ya mishoni ali mtsikana. Maso awo adafooka, koma zala zikadali zakuthwa. Adachipapasa chofunda chija kuyambira ngodya ina kufikira inzake osalankhula kanthu, kenaka adati, "Ana anga, singano mumaidziŵa, koma sizasi simuidziŵa. Chinthu ichi chidaonongeka tsiku limene mudadula." Tidayankha kuti, "Zikomo agogo, tamva," ngakhale ena a ife mumtima tidaŵaŵidwa. Mawu amenewo tidaŵamvetsa bwino patapita miyezi.

KUDULA NDI KUSANJA

Chimene tidaphunzira choyamba n'chakuti zidutswa zonse ziyenera kulingana ndendende. Tidadula katoni wolimba wa mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse masentimita 12, ndipo chidutswa chilichonse timachijambula ndi pensulo mozungulira katoniyo tisanachidule. Msoko umadya sentimita imodzi mbali zonse, kotero kuti chooneka pa chofunda ndi masentimita 10. Chofunda cha munthu wamkulu, cha masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali, chimafuna mizere 20 ya zidutswa 15, ndiye kuti zidutswa 300. Cha mwana chimakwana ndi zidutswa 80.

Wina adzati, kodi mamilimita aŵiri ali ndi kanthu? Ŵerengani nokha. Ngati mayi mmodzi adya mamilimita aŵiri owonjezera pa chidutswa chilichonse, pofika kumapeto kwa zidutswa 20 mzere wake wafupika ndi masentimita anayi, ndipo sungakomane ndi mzere wa mnzake. Ichi ndicho chidapotoza chofunda chathu choyamba, pakuti manja asanu ndi atatu adasoka misoko isanu ndi itatu yosiyana. Masiku ano timalemba mzere wa msoko ndi pensulo kuseri kwa nsalu, ndipo katoni akayamba kudyeka m'mbali timadula wina, poyeza ndi rula osati ndi katoni wakaleyo.

Nsalu nayo ili ndi njira yake. Ulusi wake umayenda m'litali ndi m'lifupi, ndipo mukaikoka motsata ulusiwo siitamuka kwenikweni. Koma ikokeni mopingasa, kuchokera ngodya kupita ku ngodya, mudzaona ikutamuka ngati mphira. Chidutswa chodulidwa mopingasa chimatalika m'manja pamene mukusoka. Nchifukwa chake katoni ayenera kugona motsata ulusi, ngakhale kutero kumatayitsa nsalu pang'ono.

Nsalu zonse timayamba tazichapa, zofiira ndi zakuda pazokha, pakuti ya thonje imabwerera ikachapidwa koyamba ndipo yosuluka imadziulula m'beseni. Zitenje zambiri za m'misika masiku ano n'zosakaniza ndi ulusi wa pulasitiki. Pofuna kudziŵa, timayatsa kansonga ndi machesi: thonje limapsa ndi fungo la pepala nilisiya phulusa lofeŵa, pamene inayo imasungunuka nisiya kambulu kolimba. Zoterezi timaziika padera, chifukwa simbi ya makala imazipsereza, ndipo pa ntchito imeneyi simbi siichoka pafupi. Msoko uliwonse umasitidwa usanalumikizidwe ndi wina.

Pa kusanja mitundu ndi pamene timachedwa, ndipo ndi pamene ntchitoyi idayamba kutikomera. Chitenje chili ndi maluŵa ambiri. Mukaika zitenje zokhazokha moyandikana, maso amatopa ngati munthu ali pakati pa msika anthu onse akulankhula nthaŵi imodzi. Tidapeza kuti pafunika nsalu yopanda maluŵa pakati pake, ndipo imeneyi imapezeka yambiri kwa atelala sukulu zikamatsegulidwa, pamene asoka mayunifomu abuluu ndi obiriŵira. Timalumikiza zidutswa zisanu ndi zinayi, zitatu m'mizere itatu, zisanu zamaluŵa ndi zinayi zopanda maluŵa mosinthanasinthana. Magulu ameneŵa timaŵayala pamkeka, n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi ndi kutsinzinira pang'ono. Mukatero maluŵa saonekanso, chotsala ndi kuŵala ndi kuda kokha, ndipo malo amene zakuda zaunjikana amaonekeratu. Pali mnzathu wina wosatha kusoka msoko woongoka, koma pa kusanja mitundu tonse timadikira mawu ake.

Zisankho za mu September 2025 zidasiya zidutswa zambiri za nsalu za zipani m'matumba a atelala. Tidakambirana, ndipo tidagwirizana kuti zimenezo ziziloŵa m'kati mobisika. Sitikufuna kuti munthu akane chofunda usiku wa chisanu chifukwa cha nkhope imene ili pamenepo.

NSALU ZITATU ZIKHALE IMODZI

Chofunda cha mtundu uwu chili ndi nsalu zitatu: yapamwamba ya zigamba, yapakati yosunga kutentha, ndi yapansi yokhudza thupi. Thonje la m'munda tidalisiya. Pakati timaika bulangeti lakale lotha, lochapidwa bwino, ndipo pansi timaika zitenje ziŵiri zolumikiza kapena nsalu yoyala pabedi. Kuno kunyanja chofunda cholemera kwambiri sichithandiza, pakuti chimachedwa kuuma.

Nsalu zitatuzo timaziyala pa simenti yosesedwa, yapansi itakokedwa bwino ndi kupanikizidwa ndi njerwa m'ngodya. Kenaka timazigwirizanitsa ndi misoko italiitali yongoyembekezera, ya ulusi wooneka bwino kuti tidzausolole mosavuta pomaliza. Misoko yeniyeni imayambira pakati kupita m'mbali, kuti makwinya azithaŵira kunja. Singano imaloŵa ndi kutuluka, kuboola nsalu zonse zitatu, ndipo mizere isatalikirane koposa zala zinayi. Poyamba misoko yathu inali yaitali ngati usipa. Agogo aja adatiletsa kulimbana ndi kuifupikitsa, nati tiyambe taifananitsa, kufupika kudzabwera kokha. Zidaterodi, ngakhale nsonga za zala zidayamba zatupa. Amene afuna kufulumira angathe kumanga mfundo za ulusi wokhuthala pa mphambano iliyonse ya zidutswa. N'zolimba ndithu, koma ife tiona kuti sizikongola ngati msoko. Pomaliza timapendera m'mbali ndi nsalu yopinda kaŵiri, pakuti m'mphepete ndimo muyamba kutha.

MANYAZI A CHIGAMBA

Panali vuto lina losakhudza singano. Kwathu kuno chigamba ndi chizindikiro cha umphaŵi, ndipo anthu ena odutsa ankatifunsa ngati tasoŵa chochita kuti tizitola nsanza. Mwina maganizo otere adachokera kutali. Makolo athu ankavala chiwondo, chosulidwa kuchokera ku khungwa la mombo. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika pano m'zaka za m'ma 1840, nsalu zochokera ku Zanzibar, monga ija yoyera ya ku America imene amalonda ankaitcha merikani, zidakhala ngati ndalama. Ndi nsalu, mikanda ndi mfuti ankagula minyanga ya njovu, ndiponso anthu, amene ankaŵaolotsa nyanja pa zombo kupita nawo ku Kilwa. Nkhani imeneyi ndiyo David Livingstone adakambirana ndi Jumbe pansi pa mkuyu mu 1863. Pamalo pamene nsalu yathunthu inkagula munthu, n'zosadabwitsa kuti wovala zidutswa ankayesedwa wachabe.

Mphunzitsi wina wopuma, mwamuna wa mnzathu, adatisonyeza zithunzi pa foni zimene zidatilimbitsa mtima. Ku India, m'chigawo cha Karnataka, kuli anthu otchedwa Siddi, amene makolo awo adachokera kuno ku Africa, ambiri a iwo ngati akapolo. Amayi awo amasoka zofunda zotchedwa kawandi kuchokera ku zovala zakutha za pabanja. Iwo sadula ndi katoni monga ife. Amayambira m'mphepete, napinda chidutswa chilichonse ndi kuchisokera pa nsalu yakale, kuzungulirazungulira mpaka kukathera pakati. Tidaonanso ntchito ya Harriet Powers, mayi amene adabadwa mu ukapolo mu 1837 ku Georgia, m'dziko la America. Iye adasoka chofunda cha zithunzi 11 za nkhani za m'Baibulo, nachionetsa pa chionetsero cha ku Athens mu 1886. Adakana kuchigulitsa, koma patapita zaka zoŵerengeka umphaŵi udamkakamiza kuchipereka pa madola asanu. Lero chimasungidwa ku Smithsonian, mu mzinda wa Washington. Tidakhala chete nthaŵi ndithu tikuyang'ana misoko yake.

Nkhani ya madola asanuyo idadzutsa mkangano pakati pathu umene sunathebe. Ena akuti tiyambe kugulitsa kwa alendo obwera kudzaona nyanja ndi nkhalango ya Nkhotakota, ndipo ndalamazo tigulire makina osokera. Ena akuti chofunda chimodzi chimadya milungu yambiri ya manja asanu ndi atatu, ndipo palibe mtengo umene ungalipire nthaŵi imeneyo. Tikayamba kuthamangira ndalama, Lachitatu lathu lidzasanduka ganyu. Pakali pano tangogwirizana kuti zidutswa zapamwamba zingathe kulumikizidwa pa makina a telala ngati alipo wolipira, koma misoko yoboola nsalu zitatu ikhale ya pamanja.

Zofunda zisanu ndi ziŵiri zatuluka m'manja mwathu kufikira tsopano. Zinayi zidapita kwa mabanja a ku Dwangwa, ziŵiri kwa ana akhanda, ndipo chimodzi tidafunditsa agogo athu aja, amene adachipapasa monga adachitira ndi choyamba, napeza ngodya imodzi yosakomana bwino, natiuza kuti tiisiye choncho. Choyamba chija sitidachitaye: chili m'thumba, ndipo aliyense wofuna kuloŵa m'gulu lathu timayamba tamuonetsa chimenecho. Atsikana aŵiri a sekondale ayamba kubwera pa tchuthi. Mwezi uno tikuyesa zidutswa za ngodya zitatu, zimene mbali yake imodzi imagwa mopingasa nitamuka, ndipo Lachitatu lapitali tidamasula mzere womwewo katatu.