Kuziziritsa kompyuta ndi madzi



Kompyuta ikamagwira ntchito imatentha, chifukwa magetsi amene imadya amasanduka kutentha. Ikatentha kwambiri imayamba kuchedwa, mwinanso kuzima yokha. Kafani kam'kati kamakwanira pa kompyuta imodzi, koma m'nyumba zosungiramo makompyuta mazanamazana fani yokha siingathe. Kumeneko amagwiritsa ntchito makina otchedwa chiller.

Chiller ndi m'bale wake wa firiji. Gasi wa m'kati mwake amayamwa kutentha kwa madzi, kompresa n'kumupanikiza kuti akataye kutenthako panja. Madzi ozizirawo, nthawi zambiri pa madigiri 7, amayenda m'mapaipi kukatenga kutentha kwa makompyuta n'kubwereranso. Lita imodzi ya madzi imanyamula kutentha kuposa malita 3,000 a mpweya.

Vuto lake ndi mame. Botolo lochokera m'firiji limachita thukuta, si choncho? Paipi yozizira kwambiri imateronso, ndipo dontho limodzi likagwera pa mawaya, kompyuta ikhoza kupsa. N'chifukwa chake mapaipi amawakulunga. Chiller amadyanso magetsi ambiri, moti Google inasankha kuziziritsa makina ake a ku Hamina, m'dziko la Finland, ndi madzi a m'nyanja.

Kuno ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, Allah anatipatsa mphepo yozizira yaulere, ndipo kugula chiller kungakhale israf, kuwononga chabe. Mdani wathu ndi fumbi la m'chilimwe lomwe limatseka timabowo ta mpweya. Tizilipukuta, ndipo laputopu musamaiike pa bulangete, ngakhale mu June.