Mphini zamakono: zomwe singano ya tatuu imasiya m'khungu

Agogo athu a ku Katete ndi ku Petauke ankatema mphini kumaso ndi pamimba n'kupakamo makala osinja. Lero m'makomboni a Lusaka, kuyambira ku Kanyama mpaka ku Mtendere, achinyamata akulembetsa pamkono mtanda, mkango kapena dzina la chibwenzi. Lumo lalowedwa m'malo ndi makina, koma khungu ndi lomwe lija.

Kachikopa kapamwamba ka khungu kamafundulika n'kumera kena pafupifupi mwezi uliwonse, choncho inki yongothera pamenepo ikanatha msanga. N'chifukwa chake wojambula amalowetsa singano mamilimita 1 mpaka 2, kufika pa khungu lamkati pomwe pali timitsempha ta magazi, ndipo amabaya kambirimbiri pa sekondi imodzi. Thupi limaona kuti lavulazidwa. Asilikali a m'magazi amathamangirapo n'kumeza inkiyo, koma amalephera kuigaya, ndiye amangokhala nayo pomwepo. Akafa, anzawo amaimezanso. Chithunzi chomwe mumanyadiracho ndi zinyalala zomwe thupi lalephera kusesa. Inki ina imayenda mpaka kukafika m'timabere ta m'khwapa, muja mumatupa mwanabere.

Kufiira, kuyabwa ndi nkhanambo za masabata awiri mpaka anayi sizodetsa nkhawa, bola osakanda. Koma mafinya, fungo kapena kutentha thupi ndi nkhani ya kuchipatala, kaya ku Matero, ku Chawama kapena ku UTH. Inki yofiira ndi imene imawenga anthu ambiri, nthawi zina patapita zaka.

Ife a khungu lakuda tili ndi vuto linanso lomwe ojambula ambiri satchula: chipsera chotupa, cholimba, chomwe chimakula kupitirira bala lenilenilo. Madokotala amachitcha keloid. Ngati khutu lanu linatupa chotero mutaboola ndolo, kapena m'banja mwanu muli wina wotero, tatuu muiwale. Chipserachi ukachidula chimakonda kumeranso.

Choopsa kwambiri ndi singano yobwerekana. Ambiri timangoganiza za HIV, chonsecho kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamapatsirana mosavuta kuposa pamenepo, ndipo kamatha kukhala ndi moyo masiku 7 m'magazi ouma. Kupukuta singano ndi sipiriti kapena kuiwambitsa pa kandulo sikukwanira. Katemera wa matendawa anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Zambia mu 2005, kutanthauza kuti ambiri obadwa kale sanabayidwe.

Tsono musanatambasule mkono, muuzeni wojambulayo atsegule singano yatsopano inu mukuona, avale magolovesi, athire inki m'kachibekete kanukanu. Akatulutsa inki ya bolopeni, kapena akayamba zoti mukumuchedwetsa, nyamukani ndalama yanu idakali m'thumba.