KANEMA AKAYAMBA CHIBWIBWI PA KOMPYUTA

M'makomo ena masiku ano muli kompyuta ya patebulo, ija yokhala ndi bokosi lake padera ndi sikirini yake padera. Banja limasonkhana madzulo kuti lionere kanema wa ukwati wa mwana wao, ndipo mwadzidzidzi chithunzi chimayamba chibwibwi: mkwatibwi ayenda, aima pang'ono, kenaka adumphira patsogolo ngati wina wamukankha. Nthawi zina chithunzicho chimang'ambika pakati, mbali ya kumwamba osalingana ndi ya kumunsi. Pamenepo mnyamata wa m'nyumbamo sachedwa kunena kuti, "Bambo, makinawa akalamba, tigule ena." Kodi n'zoonadi? Ife tikuti tisanamasule chikwama tiyambe tamvetsa chimene chikuchitika, pakuti kawirikawiri vutoli limatha popanda kutaya ndi tambala yomwe.

Misi iwiri mu mtondo umodzi

Poyamba tidziwe kuti pa sikirini palibe chinthu chimene chimayendadi. Ana asukulu amajambula kamunthu pangodya ya tsamba lililonse la kope, ndipo akamayendetsa masambawo mofulumira ndi chala, kamunthuko kamaoneka ngati kakuthamanga. Kanema ali chimodzimodzi: ndi zithunzi zoima zimene zimatsatizana msangamsanga. Mafilimu ambiri amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, mwambo umene unakhazikika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 pamene mafilimu anayamba kukhala ndi mau. Sikirini zambiri za kompyuta zimalemba chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi, ndipo ichi ndicho chimene amachitcha 60 Hz. Tikagawa sekondi m'magawo 1,000, chithunzi chilichonse chimalandira magawo pafupifupi 17 okha.

Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi zipangizo ziwiri. M'bokosi muli chipangizo chokonza zithunzi, chimene ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti graphics card, ndipo sikirini ndiyo imazionetsa. Ziwirizi zili ngati amai awiri osinja mu mtondo umodzi: musi wina ukamatsika, wina umakwera. Mmodzi akachedwa pang'ono pokha, mgwirizano wonse umasokonekera. Chokonza zithunzi chikachedwa, sikirini siidikira, koma imabwereza chithunzi chakale, ndipo diso limaona kuima kuja. Tsono chikapereka chithunzi chatsopano sikirini ili pakati polemba chakale, timaona theka la ichi ndi theka la icho, ndiko kung'ambika kuja.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuchuluka kwa zithunzi pakokha sikukwanira. Chofunika n'chakuti zibwere motalikirana mofanana. Masewera a pa kompyuta angathe kuonetsa nambala yabwino yakuti zithunzi 60 pa sekondi, komabe n'kumachita chibwibwi chifukwa chakuti chimodzi mwa izo chinatenga nthawi ya zinzake zitatu.

Kufufuza chimene chalakwika

Tiyambe ndi funso losavuta: kodi vuto lili m'makina kapena pa intaneti? Tionere kanema amene tinasunga kale mu kompyuta momwemo. Ngati akuyenda bwino, pamene wa pa YouTube yekha ndiye akuimaima, kawirikawiri makinawo amakhala alibe mlandu. Nthawi zambiri imakhala intaneti imene ikubweretsa zithunzi mochedwa.

Kachiwiri tione ngati kanemayo akugwirizana ndi sikirini. Mwana wa pulayimale akudziwa kuti 24 salowa bwino mu 60. Chifukwa chake kompyuta imaonetsa chithunzi china kawiri, chotsatira katatu, china kawiri, motero mpaka filimu itatha. Izi zimaoneka makamaka pamene kamera ikutembenuka pang'onopang'ono, ndipo si kuonongeka ai. Makamera ambiri a kuno kwathu, monganso a ku Britain, amajambula zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Ngati sikirini yathu ikulola 50 Hz, tiisankhe poonera kanema wotere. Mu Windows timapeza zimenezi tikalowa ku Settings, kenaka System, Display ndi Advanced display. Pomwepo tingathenso kutulukira kuti sikirini inaikidwa pa 30 Hz ife osadziwa, monga zimachitikira sikirini ya 4K ikalumikizidwa ndi HDMI ya mtundu wakale.

Kachitatu tione amene akulanda mphamvu za makina. Tikadina mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pamatseguka Task Manager, imene imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi katundu amene yasenzetsa kompyuta. Mwina Windows ikudzikonza mwakachetechete, mwina masamba a intaneti otsegulidwa achuluka. RAM ikadzaza, kompyuta imayamba kusungiza zinthu pa disiki, imene imachedwa kwambiri, makamaka ikakhala ya mtundu wakale wozungulira. Titseke zosafunikazo, tiyesenso.

Kachinai ndi kutentha. Ngati makina amayamba bwino koma chibwibwi n'kubwera patapita theka la ola, fani ikulira kwambiri, tikayikire fumbi. Zipangizo za m'kati zikatentha zimachepetsa dala liwiro lake kuti zisapse. M'miyezi ya chilimwe fumbi limatseka timabowo topitira mpweya ngati thonje. Tizimitse makina, tichotse chingwe cha magetsi pakhoma, kenaka tichotse fumbilo ndi mpweya kapena kaburashi kofewa kouma. Madzi asayandikire. Bokosilo lisakhale pansi penipeni kapena lotsamira khoma.

Pomaliza tione kumbuyo kwa bokosi. Makina okhala ndi graphics card yapadera amakhala ndi malo awiri olowetsa chingwe cha sikirini, ndipo ambiri amalowetsa pamalo olakwika, khadi lamphamvulo n'kumangokhala chabe. Tionenso kapulogalamu koyendetsa khadilo, kotchedwa driver. Ngati n'kakale, titenge katsopano kwa opanga khadilo eni ake. Ngati vuto linayamba titangoika katsopano, tibwerere ku kakale.

Kwa anyamata a masewera

Kung'ambika kwa chithunzi kuli ndi mankhwala ake, otchedwa V-Sync, amene amauza khadi kuti lidikire sikirini. Koma khadi likakhala lofooka, V-Sync imaonjezera chibwibwi. Zikatero ndi bwino kuchepetsa kukongola kwa zithunzi, kapena kuika malire pa 30, chifukwa 30 wokhazikika amakoma m'maso kuposa nambala yokwera ndi kutsika. Kampani ya Nvidia inalengeza G-Sync mu 2013, ndipo AMD inatulutsa FreeSync mu 2015. Njira ziwirizi zimatembenuza dongosolo, kuti sikirini ndiyo idikire khadi, koma zimagwira ntchito pokhapokha khadi ndi sikirini zonse zikhale zozidziwa.

Makolo anzathu ndi inu achinyamata, pochita zonsezi tisinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kulemba m'kope chimene tasintha ndi chimene taona. Wosintha zisanu pamodzi sadziwa chimene chathandiza, ndipo mawa vuto likabweranso amayambira poyamba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zonse zikalephereka, tipite kwa mmisiri titanyamula kope lija; iye sadzataya nthawi, ndipo ife tidzagula chokhacho chimene chaonongekadi.