Mliri wa Covid-19 unaonetsa kuti okonda masewera amagula ndi mtima

Pamene mliri wa Covid-19 unabuka mu 2020, mabwalo a masewera anatsekedwa m'maiko ambiri. Kuno ku Zambia bungwe la FAZ linaimitsa ligi mu March caka comweco, ndipo itayambanso mu July, anthu sanaloledwe kukapenyerera. Ngakhale zinali tero, ocemerera mpira sanaleke kugula zinthu za masewera. Cimene cinasintha ndi comwe cinali kuwakankha kuti agule.

Coyamba cinali mantha. Anthu anaopa kulowa m'masitolo modzaza anthu, motero ambiri anayamba kugula pa intaneti ndi kulipira pa lamya. Matimu akuluakulu monga Bayern Munich ndi Barcelona anayamba kugulitsa mamasiki okhala ndi cizindikiro ca timu, kuti munthu adziteteze ku matenda kwinaku akuonetsa mbali imene amacemerera.

Caciwiri cinali kusungulumwa. M'dziko la Germany, ocemerera timu ya Borussia Mönchengladbach analipira ndalama zokwana 19 euro aliyense kuti cithunzi cake cimatidwe pa katoni ndi kuikidwa pa mpando m'bwalo. Pofika mu May 2020, makatoniwo anaposa 12,000. Munthu sanali kutenga kanthu kupita nako kunyumba. Cimene anagula ndi mtendere wa mumtima wakuti sanataye timu yake pa nthawi yovuta.

Cacitatu cinali kulakalaka masiku akale. Popeza masewera atsopano kunalibe, anthu ambiri anapenyerera kanema wa The Last Dance, wonena za katswiri wa basketball wa ku America, Michael Jordan. Mu May 2020, nsapato zimene iye anavala mu 1985 zinagulidwa pa mtengo wa madola 560,000 pa malonda a kampani ya Sotheby's.

Zonsezi zinacitika pa nthawi imene anthu ambiri anataya nchito ndipo ndalama zinali kusowa m'mabanja. Amalonda amadziwa bwino kuti munthu wamantha, wosungulumwa kapena wokondwa kwambiri sawerengera mtengo. Ndiye cifukwa cake majezi amayenda malonda timu ikangopambana.

Kukonda timu si kulakwa ai. Koma mukamva mtima ukukukokani kuti mugule, yambani mwagona kaye, muonenso mawa lake ngati za unga, lendi ndi sukulu ya ana zakwana. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.