Mphika Womwewo, Kakomedwe Kena

Chaka chino ambiri mwa inu mwakolola soya, mtedza, nyemba, maungu ndi mbatata yofiira m'kati. Kodi ndi zingati mwa zimenezi zalowa mumphika wa pakhomo panu? Nthawi zambiri soya yense amapita kwa mavenda ku Jenda kapena ku Mzimba boma, mwana n'kutsala akumwa phala la ufa woyera lothira mchere basi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Ena mwa ana amenewa amagona atakhuta ndithu, koma chimene adya ndi chimodzimodzi tsiku lililonse.

Phunziro lino silikukuuzani kuti musiye nsima kapena mugule zakudya za m'sitolo. Likuti: tengani chakudya chimene banja lanu linazolowera, musinthemo chinthu chimodzi.

Tisinthiranji chinthu chimodzi chokha?

Thupi limafuna magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Palibe chakudya chimodzi chimene chili ndi zonse. Mukathira nsinjiro m'phala, mbale imodzi yakhala ndi magulu awiri. Mukawonjeza masamba osinja, magulu akwana atatu. Komanso anthu sakana msanga chakudya chimene akuchidziwa kale maonekedwe ake.

Njirayi inayesedwa m'boma lathu lomwe lino. Kuyambira chaka cha 2000, alimi a ku Ekwendeni, kumpoto kwa Mzimba, akhala akugwira ntchito ndi bungwe la Soils, Food and Healthy Communities. Pambali polima mbewu za m'gulu la nyemba pokonza nthaka, amakhala ndi masiku ophikira pamodzi, pamene amayi, abambo ndi agogo amaphika, kulawa ndi kuphunzitsana. Ofufuza anapeza kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa pa ntchitoyi ankakwera bwino pa sikelo.

Phala

Gwiritsani ntchito mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Sakanizani makapu 4 a chimanga chosakonola ndi kapu 1 ya soya wokonzedwa, mukagayitse pamodzi. Muyeso umenewu ndi wofanana ndi wa Likuni Phala.

Ambiri amadana ndi soya chifukwa cha fungo. Fungolo limabwera soya wosaphika akakhudzana ndi madzi ozizira. Choncho musamuviike. Musankheni ali wouma, mumuthire pang'onopang'ono m'madzi amene akuwira kale, awire kwa mphindi 30. Kenaka mutsukuluzeni, chotsani makoko, muyanike mpaka aume. Kuwiritsako kumathandizanso kuti soya agayike bwino m'mimba.

Tsiku lina thiraninso sipuni ya usipa wokazinga ndi kusinja, tsiku lina dzira, tsiku lina mkaka wowiritsa ngati muli ndi ng'ombe ya mkaka. Phala la mwana likhale lolimbako, losayenderera pa sipuni, chifukwa phala la madzimadzi limangodzaza mimba. Mwana ayambe phala akakwanitsa miyezi 6, uku akuyamwabe.

Futali

Futali mumamudziwa: mbatata, imene kuno timati mboholi, yophika ndi nsinjiro. Sinthani mbatata yoyera, muikemo yofiira m'kati monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika. Mbatata imeneyi imapatsa thupi vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha thupi. Vitamini ameneyu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndipo mafutawo ali kale mu nsinjiro. Mbatata ikatha, dzungu lofiira m'kati limagwira ntchito yomweyo.

Mandasi ndi chigumu

Wiritsani mbatata yofiira, muisende, muiponderepondere mpaka isalale. Sakanizani makapu 2 a mbatatayi ndi makapu 3 a ufa wa tirigu, kenaka pitirizani monga mumachitira masiku onse. Madzi ndi shuga muchepetse, poti mbatata ili kale ndi chinyezi ndiponso imatsekemera. Kwa inu amene mumagulitsa mandasi, apa mwapulumutsa ufa wogula. Pa chigumu cha nthochi, chotsani kapu imodzi ya mgaiwa pa makapu 5 aliwonse, muikepo ufa wa soya.

Ndiwo zamasamba

Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi khwanya, zonse zimene timati mphangwe, zimakoma zikatenderedwa. Mtedza ukatha musabwerere ku mchere ndi madzi okha. Tenderani ndi ufa wa soya, kapena nthanga za maungu zokazinga ndi kusinja. Tsukani masamba musanadule, phikani ndi madzi ochepa kwa nthawi yochepa, ndipo musathire soda chifukwa amawononga mavitamini ena. Tomato kapena madzi a ndimu othira pomaliza amathandiza thupi kutenga ayironi, mchere umene umawonjezera magazi. Tiyi amalepheretsa zimenezi, choncho musamwere tiyi pa chakudya.

Pofutsa masamba a m'chilimwe, awiritseni pang'ono chabe, muwayanike pa mthunzi podutsa mphepo. Mfutso wotere susuluka ngati woyanika padzuwa.

Chenjezo pa mtedza ndi chimanga

Musasinje mtedza wofwifwa, wowola kapena wa chuku poganiza kuti mu nsinjiro suoneka. Chuku chimasiya poizoni amene satha ngakhale muphike motani, ndipo amawononga chiwindi ndi kusokoneza kakulidwe ka mwana. Sankhani mtedza ndi chimanga musanasinje kapena kugayitsa. Musanyowetse mtedza pofuna kuti usavute kuswa.

Yesani ndi miphika iwiri

Pa munda wathu wophunzirira timayerekeza ndime ziwiri, ina yolimidwa mwa masiku onse, ina mwa njira yatsopano. Chitani chimodzimodzi pa moto. Pa tsiku lokumana likubwerali, gulu lililonse liphike chakudya chimodzi m'miphika iwiri, wina monga mwa kale, wina mutasinthamo chinthu chimodzi. Abambo agwire nawo mthiko, ndipo muitane agogo, chifukwa mawu awo amamveka pa kadyetsedwe ka ana. Mukalawa, kambiranani izi:

1. Ndi mphika uti wakoma, ndipo ana adya uti kwambiri?
2. Mphika uliwonse uli ndi magulu angati a zakudya?
3. Zatenga nkhuni, nthawi ndi ndalama zochuluka bwanji?
4. Zimene tathirazi zidzapezeka mu February, kapena tisungiretu?

Mwana akakana tsiku loyamba, musamukakamize ndipo musataye mtima. Chepetsani chimene mwawonjezeracho, muyesenso mawa lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagulitse soya ndi mtedza wa chaka chino, khalani pansi monga banja, mupatule ndowa za pakhomo poyamba.