Kodi Mumadziwa? Kachisi wa ku Thanjavur

Kodi mumadziwa kuti ku Thanjavur, kum'mwera kwa India, kuli kachisi wa Shiva, mulungu wa Ahindu, wotchedwa Brihadisvara, amene mfumu Rajaraja Woyamba wa ufumu wa Chola anatsiriza kumanga m'chaka cha 1010, ndi kuti nsanja yake, ya miyala yolimba yochokera kutali, ndi yaitali pafupifupi mamita 60?

Komatu chimene chimazizwitsa anthu ophunzira koposa msinkhu wakewo ndi mawu ozokotedwa m'Chitamil m'munsi mwa makoma ake. Pakuti mfumuyo, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, inalamula kuti mphatso zake, za mlongo wake wamkulu Kundavai, za akazi ake ndi za ena onse zilembedwe pamwala. Pamenepo pali maina a akazi ovina 400, aliyense ndi nyumba imene anapatsidwa ndi gawo lake la mpunga; palinso amuna 48 oimba nyimbo za Tevaram, zimene oyera mtima Appar, Sambandar ndi Sundarar, atatu mwa opembedza Shiva 63 otchedwa Nayanar, anapekera Shiva m'chinenero cha anthu wamba.

Ngakhale abusa sanaiwalike. Munthu ankalandira nkhosa zazikazi 96, kapena ng'ombe 48, kuti tsiku ndi tsiku azipereka mafuta ochokera ku mkaka a nyale imodzi yosazima, ndipo zikafa zina, iye ndi abale ake ankayenera kubwezeretsa chiwerengerocho.